Mmene Mawu Akuti "Pafupi" Anatsala Pang'ono Kupha Ng'ombe Yathu

Nkhani imene ndikulembayi yakhala ikufotokozedwa pamaukwati ndi pamaliro a kwathu kwa zaka zingapo tsopano, ndipo nthawi iliyonse imapotoka pang'ono. Abale anga ena amaifotokoza ngati nthabwala yonyoza amalume anga, kuti anaopa nyenyezi mpaka kunola mpeni. Ena amanditamanda ine kuti ndinagonjetsa munthu wamkulu ndi nzeru za kusukulu. Onsewo akulakwitsa, ndipo popeza ndinali pakati penipeni pa nkhaniyo, ndaona kuti ndi udindo wanga kuilemba mmene inachitikira, isanasanduke bodza lokhazikika. Chifukwa china n'chakuti zolembedwa m'Chichewa zokhudza zinthu za mlengalenga n'zochepa kwambiri, moti mwana wofuna kuzidziwa amayamba wavula chinenero chake pakhomo. Ndayesetsa kulemba Chichewa choongoka. Koma pamene anthu akulankhula ndasiya mawu awo mmene anatulukira pakamwa, chifukwa ku Chongwe sitilankhula ngati buku.

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili mu giredi seveni. Tinkakhala pakamunda kathu kufupi ndi Palabana, kumene makolo anga anasamukira kuchokera ku Chadiza ine ndisanabadwe. Atate anamwalira ndili wamng'ono. Amayi, pokana kubwerera kumudzi manja ali m'khosi, anaphunzira kuweta ng'ombe za mkaka, ndipo m'kupita kwa nthawi anapeza ng'ombe imodzi yakuda ndi yoyera imene tinaitcha Mawanga. Mkaka wa Mawanga ndi umene unkandisunga pasukulu. M'mawa uliwonse wa mwezi wa Juni, kukuzizira moti zala zinkakana kupindika, ndinkakhala pakampando ndi kutsamiritsa mutu pamimba pake, n'kumakama, mkaka ukulira m'ndowa ndipo kautsi kofunda kakutuluka m'mphuno mwake. Chaka chimenecho Mawanga inali ndi bere, ndipo tinkayembekezera mwana wake woyamba wobadwira pakhomo pathu mvula ikamadzayamba.

Mwezi womwewo kunabwera amalume anga, a Banda, mlongo wawo wamkulu wa amayi, kudzatithandiza kukolola chimanga. Anali munthu wamtali, wokonda kuseka, ndipo sankasiyana ndi kawailesi kawo kakale komangidwa ndi mphira. Tsiku lina Lamulungu masana, tikutong'ola chimanga pamkeka, wowerenga nkhani analengeza kuti mwala waukulu wa mlengalenga wotchedwa Vesita ufika pafupi kwambiri ndi dziko lathu mwezi umenewo, pafupi kuposa mmene wakhalira kwa zaka zambiri, moti anthu adzatha kuuona. Atangonena zimenezo anayamba nkhani za mpira.

Amalume anasiya chitsononkho chili m'manja.

"Mwamva?" anatero. "Akuti pafupi."

Lolemba anakwera minibasi kupita ku Chongwe kukagula matumba, ndipo pobwerera nkhaniyo inali itanenepa. M'minibasimo mwalawo unali utakula kufanana ndi Zambia yense. Mayi wina anali atauona kale pafoni ya mwana wake, uli ndi moto kumchira. Kondakitala naye ananenetsa kuti udzagwera cha kubwalo la ndege sabata yotsatira, ndipo anachenjeza aliyense kuti asachedwe kulipira. Amalume atafika anatsitsa matumbawo, naitana amayi.

"Amake Misozi, khalani pansi. Mawanga tipha Loweruka. Itanani abale onse, a ku Silverest ndi a ku Chalimbana, tidye pamodzi, okwiyirana akhululukirane. Mwalawo ukatipeza, utipeze okhuta ndi ogwirizana."

"A Banda, ng'ombe ili na mimba!" anatero amayi.

"Ndikudziwa. Chaka cha chigodola ndinali ndi ng'ombe zodzaza khola. Anthu anandiuza kuti ipha zina, matenda ali pafupi. Ine ndinati tidikire tione. Ndinazikwirira zonse ndi manja angawa, osalawa ngakhale chiwindi. Ndinadikira kamodzi, mlongo wanga. Sindidzadikiranso."

Owerenga amene si Achewa ayenera kumvetsa kuti kwathu amalume ndi mwini mbumba. Mawu awo pa mlongo wawo ndi ana ake amalemera, ndipo a Banda ndi amene anaika atate m'manda ndi kutiyimira pa milandu yonse imene inatsatira. Amayi sakanatha kuwakana pamaso. Anangoti, "Tamva," n'kupita kukhola. Ine ndinawatsatira, ndipo ndinawapeza akusisita khosi la Mawanga.

"Iwe Misozi," ananong'ona, "si uli na ba ticha ba sayansi? Kafunse. Ine siningakangane na alongo anga, koma iwe ndiwe mwana, ungafunse chilichonse. Safunsa anadya phula."

Aphunzitsi amene ankanenawo anali Madamu Chanda, mtsikana wochokera ku migodi amene ankaphunzira uphunzitsi ku Chalimbana ndipo anatumizidwa pasukulu pathu kudzayeserera ntchito. Chinyanja chawo chinali cha m'tauni, chothira Chibemba ngati mchere. Lachiwiri m'mawa, asanalembe chilichonse pabolodi, ndinakweza mkono ndi kufunsa kuti Vesita adzagwa tsiku liti. Ndinkayembekezera kuti andikalipira kapena achita mantha. M'malo mwake anaponya choko m'mwamba ndi kuchiwakha.

"Vesita! Wamvela kuti, iwe? Iyee, ine nenze kufuna kukuuzani! Kugwa shani? Nyamukani bonse, tiyeni ku gilaundi!"

Sindidzaiwala m'mawa umenewo. Anaimika mnyamata wamtali kuposa tonse pakati pa bwalo la mpira, nati iye ndi dzuwa, asasunthe ngakhale aitanidwe ndi amake. Ndi ndodo anajambula mizere yozungulira pafumbi, wina kunja kwa unzake. Ine anandiika pamzere wa dziko lathu. Kunja kwanga kunali mzere wa Mars, ndipo kutali, cha kumagolo, anaimika mtsikana wonenepa amene anakondwera kwambiri kumva kuti ndi Jupiter, wamkulu wa onse. Pakati pa Mars ndi Jupiter anamwazapo ana onse otsala, nati iwowo ndi miyala yosawerengeka imene imazungulira dzuwa m'dera limene akatswiri amalitcha lamba. Mmodzi wa iwo, mnzanga wokhala naye padesiki, anapatsidwa dzina la Vesita.

Kenako anaimba wezulo, ndipo tonse tinayamba kuzungulira, am'kati mofulumira, akunja mwapang'onopang'ono, fumbi lili tolo, tikukuwa ngati tapenga. Nditazungulira ndi kufika moyang'anizana ndi mnzanga uja, dzuwa lili kumbuyo kwanga, Madamu anafuula:

"Imani! Apa manje ndiye pafupi pamene bakamba pa wailesi. Misozi, tambasula kwanja umugwile Vesita."

Ndinatambasula dzanja, anzanga onse n'kuseka. Mpata umene unali pakati pa ine ndi mnzangayo unali waukulu kuposa umene unali pakati pa ine ndi dzuwa.

Titakhala pansi pakapinga wouma, anatifotokozera za mwalawo, ndipo ndinamva ngati mutu wanga watseguka denga. Vesita ndi umodzi wa miyala ikuluikulu kwambiri ya m'lambamo, ndipo ndi wowala kuposa yonse chifukwa nthaka yake ndi yotuwa, imabweza kuwala kwa dzuwa kochuluka. Kutambalala kwake ndi makilomita oposa pang'ono mazana asanu, kutanthauza kuti utaikidwa pamsewu waukulu wa kum'mawa, mbali imodzi ingakhale pa Chongwe, inayo pa Chipata. Si wobulungira bwinobwino ngati mpira. Uli ngati dzungu lophwanyika kunsi, chifukwa kalekale mwala wina unauomba n'kusiya chidzenje chachikulu, ndipo pakati pa chidzenjecho pali phiri lalitali kuposa phiri lililonse la padziko lathu. Kulibe mpweya, kulibe mvula, ndipo kuzizira kwa Juni kwa ku Palabana kumeneko kungakhale chilimwe. Chaka chake chimodzi, ndiko kuti ulendo umodzi wozungulira dzuwa, chimatenga zaka zathu zitatu ndi miyezi yoposa isanu ndi iwiri. Koma tsiku lake ndi lalifupi, maola asanu ndi pang'ono, moti munthu wa kumeneko angaone dzuwa likutuluka kanayi ife tisanamalize tsiku limodzi.

"Ukanakhala kuja, sembe ukali na zaka zitatu chabe," anandiuza Madamu. "Ndipo thumba ya ufa wa milisi sembe uinyamula na kwanja imodzi monga paketi ya shuga. Na ng'ombe yanu yamene ija, ungainyamule."

Ndinabwerera kunyumba ndikuthamanga, ndikudziona ndanyamula Mawanga pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Ndinali wotsimikiza kuti nkhani yatha. Chimene chinkafunika n'kuwaonetsa amalume zimene ndinaona pabwalo la mpira, ndipo usiku wonse ndinaganiza za njira yake.

Lachitatu nditaweruka ndinakhoma chikhomo pakati pa bwalo lathu. Ndinamangirirapo kambuzi kathu ndi chingwe chachifupi, kenako Mawanga ndi chingwe chachitali. Ndinawaitana amalume mwaulemu, nditagwada, ndipo anabwera atanyamula mpeni ndi mwala wonolera, nakhala pachitsa.

"Amalume, chikhomochi ndi dzuwa," ndinayamba. "Mbuziyi ndi dziko lathu. Mawanga ndi Vesita, ndipo njira yake ili kunja uko, m'dera lotchedwa lamba."

"Lamba?" anatero amalume. "Vesiti ndi lamba? Kodi kumwambako kuli msika wa zovala za salaula?"

Amayi, amene ankapeta chimanga chapafupi, anabisa nkhope m'lichero. Ine sindinafooke. Ndinafotokoza kuti dzuwa limakoka zonse ngati chingwe, kuti chilichonse chili ndi mzere wake, ndipo ngakhale Mawanga idutse moyang'anizana ndi mbuzi, siingaiponde. Amalume anamvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula mawu. Kenako anaimirira, nalowa m'nyumba, natuluka ndi kabeseni ka madeya. Anakaika patsinde pa chikhomo ndi kukagogoda ndi chala.

Mawanga inatukula mutu. Inayenda mwaulemu wake wonse, chingwe chikukhwekhwereza pansi, inadutsa pamzere wa mbuzi, inaikankha ndi phewa, n'kuyamba kudya madeya padzuwa penipeni.

"Waona, Misozi?" anatero amalume mofatsa. "Chingwe chimaletsa ng'ombe kupita kutali. Sichiiletsa kubwera pafupi. Ukawauze aphunzitsi ako kuti ine ndamanga ng'ombe kuyambira iwo asanabadwe."

Anakhalanso pachitsa paja ndi kupitiriza kunola mpeni. Phokoso lake linandilowa m'mano. Choipa kwambiri chinali chakuti ndinadziwa kuti akunena zoona, ndipo ine ndemwe ndinayamba kukayika: ngati dzuwa limakokadi, n'chiyani chimauletsa mwalawo kubwera m'kati?

Lachinayi ndinawapeza Madamu nthawi yopuma, misozi ili m'maso, ndi kuwauza za madeya aja ndi za Loweruka. Anayamba aomba m'manja.

"Ba malume bako ni ba sayansi! Iyo ndiye funso yeniyeni. Bantu banzelu banavutika nayo zaka zambili maningi."

Atamva za mpeni anasiya kuseka. Anatola kachitini, naboola mabowo awiri, namangapo chingwe, nathiramo madzi. Kenako anayamba kukazunguza pamwamba pa mutu wawo. Chingwe chinakungika nga, ndipo madzi sanatayike ngakhale dontho. Anandifotokozera kuti cholakwa changa chinali kusankha ng'ombe yodya msipu, imene imaima ndi kutembenuka mmene ikufunira. Vesita saima. Dzuwa limaukokera m'kati, koma liwiro lake lopita chammbali ndi lalikulu kwambiri, moti m'malo mogwera m'kati umangokhota, n'kumazungulira. Liwiro limenelo ndi loti ungachoke pa Chongwe n'kufika pa Chipata munthu asanamalize kumanga nsapato, ndipo kumwambako kulibe mpweya kapena matope oti auchedwetse. Anandithandizanso kuwerengera mtunda wake m'njira imene amalume akanaimva, ndipo pomaliza anati:

"Uwauze ba mayo kuti mailo nizabwela. Nizabweleka magalasi yoonela patali. Ng'ombe ya mimba siingafe chifukwa cha nyuzi."

Anafika Lachisanu dzuwa likulowa, panjinga, atavala chitenje pamwamba pa diresi la kusukulu. Anagwada patali ndi kuomba m'manja popereka moni, ndipo ndinaona kuti zimenezo zinawakondweretsa amalume, amene ankayembekezera mtsikana wa m'tauni wolankhula ataimirira. Mpeni unali utapachikidwa kale pamtengo wa kukhola, ndipo masamba a nthochi oyalapo nyama anali atadulidwa.

Ine ndinayamba ndi kachitini kaja. Ndinakazunguza mpaka phewa linawawa, ndikufotokoza za liwiro. Amalume anayang'anitsitsa, kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno. Mwina muli mankhwala."

Anakazunguza okha, choyamba mwamantha, kenako mwamphamvu, akumwetulira ngati mwana. Ali pakati pozunguza anafuna kuyesa, naimitsa dzanja mwadzidzidzi kachitini kali pamwamba. Madzi onse ozizira anawakhuthukira m'khosi.

"Ehe!" anakuwa akudzipukuta. "Nanga ukaima?"

"Ukaima, uzayenda ku zuba, osati pa ise," anayankha Madamu. "Koma ba malume, n'ndani azauimika? Kulibe ma buleki kuja."

"Chabwino. Ndikufunseni chimodzi, mwana wanga, ndipo musandinamize chifukwa cha ng'ombe. Palibe chilichonse chochokera kumwalako chimene chinagwapo pansi pano?"

Ndinkadziwa yankho, chifukwa anali atatiuza pabwalo la mpira, ndipo ndinawayang'ana Madamu mowachonderera kuti akane. Iwo sanandiyang'ane n'komwe.

"Chinagwapo," anatero. "Pamene unaombewa kudala, kalekale kuja, tumiyala tunatayika, ndipo twina tumafika kuno. Tung'onotung'ono, monga nkhonya, twina monga mutu. Bantu bamatola. Koma mwine wake sachoka mu njila yake."

Amalume anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Patapita zaka anandiuza kuti pamenepo m'pamene anayamba kuwakhulupirira, chifukwa munthu wofuna kukunyenga savomera chinthu chomuipira.

Mdima utangoyamba kugwira, tisanadye n'komwe, Madamu anatitengera kuseri kwa khola kumene kunalibe mitengo, natiyang'anitsa kum'mawa. Anafufuza kanthawi ndi magalasi awo, kenako anawapatsa amalume ndi kuwalozera kuti ayambire panyenyezi yowala, asunthire pang'ono chakumtunda. Amalume anavutika. Anaona mdima, anaona denga la khola, anaona khutu la Mawanga, nayamba kung'ung'udza.

"Dekhani, a Banda," anatero amayi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwadzidzidzi amalume anaimitsa magalasi pamalo amodzi.

"Kameneka?" anafunsa. "Kamchenga aka?"

"Kameneko," anatero Madamu.

Itafika nthawi yanga magalasi ankagwedezeka moti nyenyezi zonse zinkavina. Nditawakhazika pamtanda wa khola, ndinakaona: kadontho kotuwa, kachete, kosasiyana ndi tinzake. Koma ine ndinkadziwa kuti pakadontho kameneko pali phiri, pali chidzenje, pali tsiku la maola asanu, ndipo ndinafuna kukuwa kuti a ku Silverest amve.

Amalume anali asanakhutire. "Ndiye kuti a wailesi ananama?"

"Sibananame. Ni pafupi zoona. Makilomita mamiliyoni handiredi na sevente."

"Manambala amenewo ndi anu a kusukulu. Ine sandiuza kanthu."

Apa m'pamene ndinalowererapo ndi zimene tinawerengera. "Amalume, basi imene munakwera pobwera ija, itamapita ku Chipata ndi kubwerera tsiku lililonse, osapuma ngakhale Lamulungu, ingatenge zaka zoposa mazana anayi kuti ikwanitse mtunda umenewo."

Anatsitsa magalasi. "Zaka mazana anayi? Ndiye ndi wamisala wotani amene angatche zimenezo pafupi?"

Amayi anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo tonse tinawayang'ana modabwa chifukwa sabata yonseyo anali asanasekepo poyera.

"A Banda," anatero atapezako mpweya, "imwe mufunsa wamisala? Mwaiwala chaka chija tinabwela kumudzi na Misozi? Munatichingamila pa siteshoni m'mawa. N'nafunsa kuti nyumba yanu yatsopano ili kuti, tipeze ngolo. Imwe munaloza na mulomo, ati, 'Ndi pafupi, mlongo wanga, pompa apa.' Tinayenda! Tinaoloka mitsinje iwili, katundu pamutu, mwana nsapato kumanja. Nikafunsa, ati, 'Tafika kale.' Tinafika nkhuku zikulowa!"

Ndinaukumbukira ulendo umenewo, ndi matuza amene ndinabwera nawo.

"Koma panali pafupi," anadziteteza amalume. "Poyerekeza ndi ku Lusaka kumene munachokera, panali pafupi."

"Apo!" anafuula Madamu, akudumpha ngati ali pabwalo la mpira. "Mwayankha mweka, ba malume! Masiku yena Vesita unkhala kuseli kwa zuba, kutali katatu kupambana apa. Manje poyelekeza na kuja, lelo bakuti ni pafupi."

Mawanga inkabzikula m'khola. Kenako amalume anayamba kugwedezeka mapewa, ndipo chiseko chinawaphulika chimene chinadzutsa agalu a anansi athu.

"Ndiye kuti anthu a nyenyeziwa ndi akwathu! Ndi a ku Chadiza amenewa! Amaloza ndi mlomo!"

Anapita okha pamtengo paja, natsitsa mpeni, naupereka kwa amayi chogwirira chili kutsogolo.

Loweruka abale anabwerabe, chifukwa uthenga unali utapita kale ndipo munthu woitanidwa ku nyama sabwezedwa ndi sayansi. Tambala wathu wofiira ndi amene analowa m'malo mwa Mawanga, ndipo mpaka lero ndimanena kuti m'boma lonse la Chongwe iye yekha ndi amene anaphedwa ndi Vesita. Alendo ena anadandaula kuti anabwera ndi mapoto aakulu pachabe. Koma amalume anawasonkhanitsa pabwalo, natenga kachitini kaja, nawaphunzitsa okha za lamba ndi vesiti, ndipo ananyowetsa dala mlamu wawo amene anali asanalankhulane naye kwa nthawi yaitali. Anatukwanizana, anaseka, nadyera m'mbale imodzi. Mvula yoyamba itagwa Mawanga inabereka mwana wamkazi. Titawaimbira foni amalume ku Chadiza kuti atchule dzina, sanachedwe kuyankha. Anati dzina lake ndi Pafupi.

Tsopano ndili kukoleji, ndipo mkaka umene umandisunga kuno ndi wa Pafupi. Ndikaganiza za sabata imeneyo, ndimaona kuti amene anapulumutsa ng'ombe yathu si ine, pakuti chitsanzo changa chinagwa ndi kabeseni ka madeya. Amalume sanali munthu wopusa. Anamva mawu a m'chinenero chawo, nawamva mmene anawamvera chaka cha chigodola, pamene pafupi panatanthauza mawa. Wowerenga nkhani uja nayenso sananame, ndipo Chichewa chake chinali cholondola. Chimene chinasowa ndi funso laling'ono limene aliyense woyenda m'midzi ya kwathu amalidziwa koma amaliiwala akamva za kumwamba: pafupi poyerekeza ndi kuti? Ine amene ndimanyadira kulemba mawu molondola ndinaphunzira tsiku limenelo kuti mawu olondola akhoza kunoletsa mpeni ngati sanapatsidwe muyeso. Ndipo ndinaphunzira kwa amalume kuti munthu amene wakugwetsera chitsanzo chako wakuthandiza kuposa amene wakuombera m'manja.

Pachifukwa chimenechi ndikupempha owerenga kuti muchite nane monga anachitira amalume. Manambala a kukula, liwiro ndi mtunda wa Vesita ndawalemba mmene ndinawamvera ndili mwana ndi mmene ndawapezera powerenga pambuyo pake, ndipo ndawafupikitsa kuti asalemere. Ngati pena ndaphonya, ndikonzeni kudzera kwa mkonzi. Ndikupemphanso akatswiri a chinenero andiuze ngati pali mawu abwino kuposa "mwala wa mlengalenga", pakuti chinthu chotambalala kuchokera pa Chongwe mpaka pa Chipata chimandichititsa manyazi kuchitcha mwala, ndiponso ngati "lamba" angakhale kapena tim'bwezere ku salaula. Amene angafune kubweretsa yekha zokonzazo, atsike minibasi pa Palabana ndi kufunsa kwa amake Misozi a ng'ombe zamawanga. Adzam'lozera ndi mlomo kuti ndi pafupi. Afunsenso kachiwiri.